Mana a Lachisanu

Kompaundi ya Nambala 3,
Thyolo.
14 Januwale 2024

Okondedwa achimwene a Gideoni,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno mvula yagwa ndithu, tiyi waphuka moti ukathyola mzere, pobwerera umaupeza ngati sunaugwire. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Chifereni maso abambo, makutu awo ndi mpeni, ngakhale ndikanong'onere kuseri kwa bafa amamva. Ndiye ndapatsira a Nathan oyendetsa basi aja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mukudziwa kuti zaka zonse zimene abambo ankadulira tiyi pa esiteti pano sanagwirepo chikwanje tsiku la Sabata. Bwana wakale anawalola ndi pakamwa chabe, ndipo nditalowa ntchito ine, nyumba n'kulembedwa pa nambala yanga, chilolezo chija chinanditsata. Koma mu Disembala kunabwera bwana wina. A Jonas, kapitawo wathu, anatiimika pa sikelo n'kulengeza kuti nyengo ya mvula ino aliyense azithyola mpaka Loweruka. Wojomba katatu, ntchito yatha, abweze makiyi a nyumba.

Nditawafotokozera abambo, anaseka ngati ndawauza nthabwala.

"Mwanaka, Sabata si lamulo la a Jonas," anatero. "Ndi chizindikiro cha pangano limene Muluku anapangana ndi Aisraeli, ndipo Iye saswa pangano. M'chipululu muja ankatani? Tsiku lachisanu ndi chimodzi ankatola mana a masiku awiri. Masiku ena akasunga ankagwa mphutsi, koma a Sabata sankaola. Iwenso uthyole kawiri Lachisanu."

Achimwene, musandiseke. Ine amene ndathyola tiyi zaka khumi ndi ziwiri, amene ndimadziwa kuti tsamba silichedwa kupsa likaunjikana, ndinawamvera. Mawu a abambo mukuwadziwa, amalowa ngati mchere m'ndiwo. Lachisanu ndinathyola ngati wamisala, osapuma ngakhale pa phala la masana. Nditakwanitsa muyeso wa tsikulo, ndinadzazanso matumba awiri, ndinawabisa pansi pa mitengo ya mphepete mwa munda, n'kufunditsa masamba a nthochi. Tinagwirizana ndi Lilly, mnzanga wa khomo loyandikana, kuti m'mawa mwake akawayezetse pa nambala yanga, ine ndili kutchalitchi.

Kalanga ine! Lilly akuti atamasula thumba loyamba, munatuluka nthunzi. Tsamba lonse linali lafiira, lotentha, likununkha ngati mowa wosasa. Kalaliki wa pa sikelo anangolikhuthulira pansi anthu onse akuona, a Jonas n'kufunsa kuti mwini wake ndani. Lolemba a Jonas anandiitana. Sanandikalipire, bola akanakalipa. Anangoti, "Mayi Teleza, inenso ndimapemphera, koma tiyi si mana. Kumeneku ndi kujomba koyamba, ndipo mwaika mnzanu pa moto."

Abambo sindinawauze. Atandifunsa ndinati zayenda bwino, iwo n'kukweza manja kuthokoza Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo. Ndinachita manyazi moti ndinathawira kumpopi.

Tsopano ndiulule chimene chandilembetsa. Masabata anayi apitawa ndakhala ndikuthyola tiyi. M'mawa ndimavala diresi loyera lija, abambo amaligwira n'kunena kuti ndatchena, ndimawaperekeza mpaka pa msewu pamene a dikoni amawatengera pa njinga, n'kuwanamiza kuti ine andituma kukathandiza ku kagulu katsopano ka mpingo ku Masambanjati. Akangokhota, ndimakavula kwa Lilly, n'kubereka dengu. Ndimathyola ndikulira, koma manjawa alibe chisoni, amangothyola.

Dzulo ndinachedwa kuweruka chifukwa thirakitala inatitimira m'matope. Ndinafika dzuwa likulowa, nthawi yotsekera Sabata, ndinasintha diresi koma m'manja sindinasambe. Tinagwirana manja monga timachitira popemphera. Ndinamva chala chawo chikuyenda pa zala zanga, pa ming'alu ija, pa utomoni wa tsamba. Kenaka anakweza dzanja langa n'kulinunkhiza. Munthu amene wakhala m'tiyi moyo wake wonse ungamunamize fungo la tsamba la lero?

Pemphero sanalimalize. Dzanja langa anali nalobe.

"Kangati?" anafunsa.

"Kanayi, ababa."

"Nanga mana aja?"

"Anaola."

Ndinayembekeza mkwiyo, koma anayankhula motsitsa. "Ndiye kuti ukugula denga langa ndi Sabata lako. Ine ndakhala Iguputo wako."

Ndinagwada, ndinawauza kuti si choncho, kuti Mulungu amaona, kuti mvula ikatha mu Epulo ndidzabwerera kutchalitchi. Ndinawafunsanso, mwina mwamwano, kuti ngati pangano lija ndi lathunso, bwanji tsamba langa linapsa? Anati sakudziwa. Achimwene, chibadwire sindinamvepo abambo akunena kuti sakudziwa kanthu ka m'Baibulo. Zinandiopsa kuposa ukali.

Lero m'mawa ndawapeza atalongedza m'sutikesi yachitsulo ija: jekete, Baibulo limene sathanso kuliwerenga, ndi chikwanje chawo chodulira. Akuti Lachisanu likudzali, dzuwa lisanalowe, achoka, kuti ndisadzathyolenso pa Sabata chifukwa cha iwo. Ndawafunsa kuti mupita kuti? Akuti Abrahamu anatuluka osadziwa kumene akupita. Ndinayankha kuti Abrahamu anali ndi maso, ndipo pomwepo ndinadziluma lilime.

Inu mukudziwa kuti alibe kolowera. Ku Changata n'kwa amayi, iwo kumeneko anali mkamwini chabe, ndipo chimwalirireni amayi kamunda kaja amalume anagawira ana a amayi aang'ono. Kwawo kwenikweni ndi kutsidya, ku Mozambiki, kumene agogo anachoka akuthawa ntchito yakalavulagaga, ndipo abambo sanapondeko n'kamodzi komwe. Anabadwira m'nyumba za esiteti, akulira m'nyumba za esiteti. Dziko lolonjezedwa limene amatiphunzitsa tili ana, la mkaka ndi uchi, ine ndimaliona tsiku lililonse, lobiriwira mpaka kumapiri, koma ngakhale pokwana phazi langa si pathu.

Ndiye ndili pakati. Ndikapita kumunda Loweruka, abambo achoka. Ndikapanda kupita, kwangotsala kawiri, tichoka tonse. Ndapita kwa abusa, akuti tipemphere. Ndapita kwa a Jonas, akuti lamulo si lawo. Ndatopa, achimwene, ndipo ndikuopa.

Sindikupempha chilichonse cha m'thumba. Ndikupempha mawu anu. Kalatayi ikangokupezani imbani, muwauze kuti mukuwafuna, kuti adikire mpaka mudzabwere pa Isitala, kapena chilichonse chimene mungaganize. Inu ndinu mwana wamwamuna amene ankakutchani Yoswa wawo, mwina inu akumverani. Ine mawu anga anatha mphamvu dzulo, pamene ananunkhiza dzanja langa.

Tchimo lina ndi ili: nsapato zawo ndi ndodo ndazibisa kwa Lilly. Akudziwa, koma sanandifunse.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ester, muwauze kuti nyemba zimene amakonda zija chaka chino sindinadzale. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Lilly akupereka moni. Abambo ali pakhondepa, akhalira sutikesi yawo, nkhope ataloza kumsewu. Amva pepala likulira ndipo adziwa kuti ndikulembera inu. Ndawafunsa kuti ndikuuzeni chiyani. Akuti ndilembe kuti ali bwino, amakukondani, ndipo Aisraeli anayenda zaka makumi anayi nsapato zawo osatha, koma iwo ayenda ngakhale opanda nsapato.

Lachisanu ndi pa 19. Chonde imbani.

Ndine mlongo wanu,
Teleza