Mutu Wanga Sukhazikika, Amayi

Chilobwe, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi achimwene a Melvin ndi alamu anga. Kodi miyendo ija ikukuvutanibe ndi kuzizira kwa kumeneko? Kuno tili bwino. Mdzukulu wanu Ida mano akutsogolo aguluka, koma kulongolola sanasiye.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndimayamba nkhani ina n'kukathera ina, inu n'kumangoseka. Iyi ndikufuna ifike yathunthu.

Amayi, ntchito yanga yaulembi ku ofesi ya maloya ku Sunnyside ili pangozi. Mwezi watha abwana anga, a Kingsford, anandituma kuti ndiimbire foni mayi wina wamasiye wa ku Mulanje, ndimuuze kuti tsiku la mlandu wake wa malo lasintha. Foni ndinainyamula ndithu. Pomwepo wina anandipempha kiyi wa kabati. Nditatsegula kabatiyo ndinaona mafayilo ali balalabalala, ndiye ndinayamba kuwasanja. Ndinasanja mpaka nthawi yoweruka, osadya n'komwe, n'kupita kunyumba ndikudziona ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Mayi uja anabwera pa tsiku lakale lomwe lija, atavala zake zakutchalitchi, fumbi lili mbuu kumapazi. Nditamuuza kuti wayenda ulendo wachabe chifukwa cha ine, sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa ngati ndili ndi mayi wondibereka. Ndinakalirira kuchimbudzi.

A Kingsford anati sakundimvetsa. Akuti munthu amene amamaliza masana amodzi ntchito yomwe ena amakhala nayo sabata, angalephere bwanji foni imodzi? Anati zikachitikanso tisiyana.

Tikuweruka, mnzanga wa pantchito Christina anandiperekeza kokwerera minibasi. Anandiuza kuti mchimwene wake ali chimodzimodzi, ndipo achipatala anamupeza ndi vuto lotchedwa ADHD. Akuti munthu wake amavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, koma china chikamukoka amaiwala ndi kudya komwe. Mmene ankafotokoza ndinkangomva ngati akunena za ine.

Ndinapita kukaonana ndi adokotala a zamaganizo ku Limbe. Sananene kuti ndi zimenezo ayi, akuti ayambe afufuza bwino. Koma anandifunsa kuti ndinakhala liti pandekha popanda wondiitana. Ndinayamba kuwawerengera mmene masiku anga amakhalira. Kuntchito mafoni, m'minibasi wailesi, kunyumba mwana, Loweruka kwaya ndi komiti ya ukwati wa mwana wa aneba. Aliyense akandipempha kanthu, pakamwa pamavomera mutu usanaganize.

Zonsezi ndinawafotokozera bambo a Ida. Kenako anati Loweruka masana azimutenga Ida kupita naye kwa azakhali ake ku Kanjedza, ine ndizitsala ndekha. Ulendo woyamba ndinangokhala pabedi chitseko chili chitsekere, osachita kanthu, ndipo mutu unapepuka. Mu komiti muja ndatulukamo. Ena akuti ndayamba matama, koma ndangowasiya.

Tsono pempho langa ndi ili. Adokotala akufuna kulankhula pafoni ndi munthu amene anandilera, kuti amve mmene ndinalili ndili mwana. Chonde muvomere, Amayi. Muwauze zonse. Muwauze za tsiku lija munandituma kuchigayo ine n'kubwera chimanjamanja, ufa nditausiya pansi pa mtengo pomwe ndinkaonerera nyerere. Muwauze za majuzi a sukulu amene ndinataya, ndi zomwe ankanena aphunzitsi, zoti nzeru ndili nazo koma ndine wosamvera. Musabise pofuna kunditeteza, ndipo musachite manyazi ndi zikwapu zija. Sindikukuimbani mlandu. Munatilera nokha, ndipo dzina la vutoli panalibe amene ankalidziwa kwathu.

Ndikudziwa munena kuti tizipemphera. Ndikupemphera, sindinasiye. Koma kwa adokotala ndipitanso.

Chimodzi chokha ndikufuna muchimve kuchokera kwa ine mwini. Masiku onse aja munkati ndikuchitira dala, ndinkayesetsa ndi mtima wanga wonse kuti ndikukondweretseni.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndi ana onse pakhomopo. Bambo a Ida akuti muwayembekezere pa Khirisimasi. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu.

Ndine mwana wanu,
Ndaziona