Adzakuliramo

Loweruka, 11 Januwale

Mvula yozizira kuyambira m'mawa. Kuno ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, dzuwa timangolimva m'nkhani. Ndachoka kushifiti miyendo ili ngati yobwereka, kufika pakhomo Jessica wandidikira kale, foni m'manja. Nkhani yake ndi yomwe ija, ma ski, timatabwa tomangirira kumapazi potsetsereka pa sinowo.

Mwana wangayu. Zaka sikisitini, wamfupi ngati ine mayi wake. Chibwerereni kuno ankangodzitsekera kuchipinda. Anzake ayi, kuseka ayi, Chichewa anachitaya. Mpaka tsiku lomwe sukulu inawatengera ku chitunda cha pulasitiki chophunzirirapo kutsetsereka. Basi mwana anadzuka. Pano ali mu kalabu, ndipo mwezi wamawa akupita kumapiri a kumpoto, pa sinowo weniweni. Obwereka watopa nawo, akufuna akeake.

Wandionetsa zithunzi. Akuti a twin-tip, opindikira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti munthu azithanso kutsetsereka chafutambuyo. Chafutambuyo! Kutsogolo komweko sikukukwana? Wangondiseka. Akuti oterowo amagwira paliponse, pa pulasitiki, paphiri, ngakhale podumpha.

Bambo ake, a Dunstan, maso pa TV. Angoti, "Masewera a anthu okhuta amenewo."

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndamuperekeza ku kalabu kuti ndikamve ndekha. Mphepo yake, mayo ine. Mphunzitsi wawo ndi Carol, mzimayi wa konkuno, wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Ndinamuuza kuti abwereze pang'onopang'ono.

Waimika ski pambali pa Jessica. Akuti nsonga izifika pakati pa chibwano ndi mphumi, isapitirire mutu. Yaitali siimva pokhota, imatenga mwendo n'kupita nawo kwake. M'lifupi ikhale yapakatikati. Ndiye chinanso, akangoboola n'kumangirira pa ski zitsulo zogwira nsapato, kusitolo salandiranso.

Mawu ake ndawasunga: "Mtundu asankhe yekha, koma za kutalika musanyengererepo."

Jessica wakanika kusankha pakati pa abuluu ndi akuda. Njira yonse m'basi abuluu, ayi akuda, ayi abuluu. Ndamuuza tidikire mwezi uthe ndilandire. Mtengo wake sindilemba muno, ungandidwalitse. Hita yotenthetsa m'nyumba nayonso ikudya ndalama ngati ili ndi njoka m'mimba. Koma nkhope ya mwanayo m'basi muja. Ndigula basi.

Lamulungu, 19 Januwale

Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso.

Mapemphero a m'makomo anali kwathu lero. Pabalaza podzaza, a Goodwill akulu ampingo ndi akazi awo, onse. Titangonena ameni, a Dunstan anati aliyense akhale kaye. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chinthu chachitali chokulunga m'bulangete. Ma ski. Abuluu, a twin-tip enieniwo. Kani mashifiti owonjezera aja kuweyahausi ya katundu komwe amagwira ntchito anali a zimenezi. Kani ankamvetsera nthawi yonseyi, maso ali pa TV.

Anawaimika pambali pa mwana. Apitirira mutu wake ndi chikhatho chathunthu, n'kutsalako.

A Dunstan monyadira: "Wogulitsa amafuna andipatse tating'ono. Ndamuuza kuti ife sitigula chinthu cha chaka chimodzi. Adzakuliramo!"

Anthu m'manja. A Goodwill kuseka mpaka misozi, akuti iwonso nsapato zawo za Fomu Wanu ankaikamo nyuzipepala kutsogolo ndipo anamaliza nazo Fomu Folo. Zoona, tonse tinakula choncho. Yunifolomu yanga inkasesa msewu.

Ndiye Jessica. Mwana woti kumutuma madzi amayankha Chizungu ali chiimire. Wagwada pa kapeti, walandira ndi manja awiri. "Zikomo adadi." M'Chichewa! A Dunstan anatembenukira kuwindo kupukuta m'maso. Ine ndinaliza nthungululu. Ndikanatani, anthu onse aja akundiyang'ana?

Alendo atapita ndinakasuzumira ma ski aja. Obowola kale. Zogwira nsapato zomangirira kale.

Lachinayi, 23 Januwale

Masiku onsewa sindinawauzebe a Dunstan.

A Dunstan asintha. Akumaimba m'bafa. Akafika amakhala ndi Jessica pa sofa kuonera mavidiyo a anthu otsetsereka, kufunsa kuti uyu watembenuka bwanji. Chibwerereni ku Glasgow sindinawaone atakhala pamodzi chonchi. Munthu anali injiniya ku Blantyre, antchito akumuimirira akalowa. Kuno akunyamula makatoni, akutumidwa ndi tianyamata. Chinthu chimodzi chomwe wachita n'kumva kuti ndine bambo, ine ndipite ndikati mwalakwitsa?

Alangizi anga aja anandiuza ndisanalowe m'banja kuti mwamuna akalakwa umadikira mtima wake ukhale pansi, n'kumuuza mozungulira. Chabwino. Nanga akakhala kuti wakondwa, umadikira chiyani? Zimenezo sanandiuze.

Ndinayamba ndi Jessica, kukhitchini. Sanandilole n'komwe kumaliza. M'Chizungu chake chija, maso ali psuu: "Mukawauza, ine ndisiya zonse. Ndikwanitsa, amami. Musawauze." Ndiye uku mwana wanditseka pakamwa, uku ulemu wanditseka pakamwa. Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachitatu, 29 Januwale

Ku kalabu ndi ma ski atsopano. M'basi anthu kuchita kupendeka kuti tidutse nawo.

Wagwa. Wadzuka, wagwanso. Mwana amene ankatsika chitunda chija ngati madzi, lero akulimbana ndi miyendo yake yomwe. Nsonga kumangopingasana. Chigongono chasupuka. Sanalire, anangoluma mano.

Carol anandikokera pambali. Sanakalipe, koma ndinachita manyazi ngati mwana wa sukulu. "Ndinakuuzani inu, si choncho?" Ndinati anagula ndi bambo ake. Iye akuti ndiye auzeni bambo akewo. Mmene ananenera mophweka! Ngati kuuza munthu kuti tiyi wazizira.

Komabe anandipatsa nzeru. Tsiku la kuphiri Jessica akwere basi ya kalabu, ma ski aatali akawasiye m'basi momwemo, akabwereke a msinkhu wake komweko. A Dunstan sadziwa kanthu. Zinazo tidzaona kutsogolo. Ndinapuma. Pobwerera ndinagula tchipisi, tinadya tikuseka.

Lolemba, 3 Febuluwale

Ha! Mulungu amandiseka ine.

A Dunstan afika akumwetulira. Asinthana shifiti ndi mnzawo. Loweruka amutenga okha mwana pa galimoto mpaka kuphiri, akamuone ndi maso awo akutsetsereka pa ma ski ake. Agula kale magolovesi ndi chipewa. Alonjezanso a Goodwill kuti vidiyo aitumiza pa gulu la mpingo.

Jessica anandiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti zili bwino adadi.

Ine Loweruka ndili kuntchito. Ndapempha kusintha, akana, anthu ndi ochepa.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndaganiza zonse. Kuwabisa. Kunama kuti mwana ali ndi chimfine. Mpaka kupemphera kuti msewu utsekeke ndi sinowo, ine mayi wa Mvano. Nyengo akuti mawa kuli bwino.

Masana ndinalimba mtima. Anali pakhonde kuyesa mmene ma ski alowere m'galimoto, mpando wakumbuyo atagwetsa. Ndinati, bambo a Jessica, ma ski ajatu. Anadzutsa mutu, nkhope yowala ngati mnyamata. "Atani?"

Ndinati ndi okongola.

Okongola! Vainess iwe, pakamwa ponse paja umakalipira napo mamanejala kuntchito, lero pathera pa okongola. Ndadzida.

Ndamutumizira Carol uthenga kuti pulani ija yafa. Wayankha kuti amusunga kumunsi, kosatsetsereka kwambiri. Ndaika masokosi awiriawiri m'chikwama cha mwana, ngati masokosi angathandize kanthu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Foni inalira ndili kuntchito kwathu kosamalira okalamba, ndikudyetsa gogo wina phala. Bondo la Jessica. Akubwera naye ku chipatala cha kuno.

Kumunsi komweko. Anafuna kukhota, ski inakana, mwendo unatsala kwina thupi kwina. Bambo ake anali akujambula.

Sindingalembe.

Lolemba, 10 Febuluwale

Mtsempha wa m'bondo waduka. Opaleshoni kutsogoloku, kenako miyezi yambiri ya ndodo ndi mafizo. Za kutsetsereka chaka chino tiiwale. Chaka chamawa, dokotala wangoti tiona.

Jessica wauza aliyense kuti panali poterera, linali tsoka chabe. Mpaka lero akuwatchinjiriza bambo ake. Koma kuyambira dzulo watembenukira kukhoma, mahedifoni m'makutu. Ndikamulankhula akungogwedeza mutu. Kukhala chete kumeneku ndikukudziwa ine.

Dokotala anatiitana kuti tione chithunzi cha mwendo. Mzimayi waulemu. Pofotokoza za opaleshoni anati mwayi wake ndi woti mafupa anatseka kale, mwanayu anamaliza kukula, ndiye ntchito yawo siivuta. Ananena ngati nkhani yabwino.

A Dunstan anafunsa kuti, satalikanso? Dokotala anati ayi, msinkhu wake ndi womwewu.

Tinatuluka. M'khonde la chipatala tinakumana ndi Carol atanyamula khadi la ana a kalabu. Anapereka moni, anapepesa, kenako anawauza a Dunstan kuti asadziimbe mlandu kwambiri, makolo ambiri amalakwitsa kutalika. Ankaganiza kuti pulani ija itafa ndinawauza.

Tinakafika pamalo oimika magalimoto. Tinalowa. Ma ski akadali momwemo, nsonga zili pakati pa mipando yathu. Sanalize injini.

"Mayi a Jessica, inu mumadziwa?"

Ndinati eya.

"Kuyambira liti?"

Ndinati kuyambira tsiku lomwe munawatulutsa m'bulangete. Ndinayamba kufotokoza, za anthu aja pabalaza, za mmene anakondwera, kuti sindinafune kuwachotsa ulemu. Anandidula. Sanakweze mawu, bola akanakweza.

"Ndiye munandisiya ndithyole mwana wanga ndi manja angawa, kuti mundipatse ulemu?"

Ananditula pakhomo, iwo n'kubwerera kuchipatala. Sanandifunse ngati ndipita nawo.