Khutu Lakumanzere

Lolemba, 3 Juni 2024

Ndatumiza. Netiweki inadula kawiri, kachitatu chithunzi chapita. Mpikisano wa zojambula za pakompyuta, chionetsero ku Blantyre, oweruza atatu. Zomwe asankhe ndizo zikapachikidwe pakhoma.

A Langton, abwana anga pashopu yosindikiza pano paboma la Mwanza, aseka mpaka kutsokomola. "Tiyese, iwe wa makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, upikisane ndi ana a ku yunivesite?" Aseke. Kompyuta ndi yawo, dzanja ndi langa.

Ndajambula agogo a Vania, mayi a amayi anga. Sindinawaonepo. Anatsala ku Mozambique nthawi ya nkhondo, amayi akuthawa ali kamtsikana. Chithunzi chawo palibe ngakhale chimodzi. Nkhope ndachita kutolera: mphumi ya amayi, mphuno yanga (akuti ndi ya agogowo), mphini za m'masaya zomwe amalume a Fenias amatchula akalawa pang'ono.

Amayi sakudziwa. Kwathu dzina la agogo silitchulidwa. Ukangoyamba, amayi amadzuka kukaona mbuzi.

Lachitatu, 19 Juni

ANDISANKHA! Imelo yabwera ndikusindikiza satifiketi ya kwaya. Ndakuwa mpaka kasitomala wagwetsa chikwama. Ndavina pakhonde, akabaza akuimba mabelu osadziwa n'komwe chachitika.

A Langton tsopano akuuza aliyense wolowa kuti "ndinamuphunzitsa ndine." Munthu woti amasaka batani lozimitsira mpaka lero. Andigulira Fanta. Ndawakhululukira.

Chisangalalo chokhachokha. Kenako ndakumbukira. Adzachisindikiza chachikulu ngati chitseko, dzina la agogo pansi pake. Ndiwauza bwanji amayi?

Lamulungu, 23 Juni

Kwathu ku Thambani. Fumbi, mphepo yozizira, amayi akusankha manachesi okagulitsa. Ndinawatambasulira foni, iwo kuyang'ana kumbali. "Maso anga saona tinthu ta mufoni." Ndinangoti ndajambula mzimayi. Mantha.

Amalume ndinawaululira kuseri kwa khola. Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Walira mvula, walira matope. Mayi akowa, Deolinda, ukuwadziwa."

Koma amayi avomera kupita ku chionetsero. Ati akaone chomwe chimanditha maso pakompyutapo.

Lachisanu, 12 Julaye

Nambala wani. Ine. Tiyese wa makadi a maliro. Ndilembenso: nambala wani!

Holo yoyera mbee, magetsi pachithunzi chilichonse, anthu onunkhira akuyankhula motsitsa ngati m'tchalitchi. Zina zinali zoyenda pasikirini, zina ndinayang'ana mpaka mutu kuwawa osatolapo kanthu. Za ena zokongola ndithu, ndinaziopa. Ndiye mmodzi wa oweruza, mayi wa magalasi, kutchula dzina langa, kulipotoza pang'ono. Anati chithunzi changa chinawavuta kuchisiya chifukwa chimakuyang'ana ngati chikukudziwa. M'manja, makamera, wina kundifunsa ngati ndinaphunzira kunja. Ndinati eya, kunja kwa shopu ya a Langton.

Ndinasakasaka amayi m'gulumo. Sanawombe m'manja. Anali chakukhoma, ataima pamaso pa agogo, chitenje chatsopano, kachikwama atakakumbatira pamimba. Kuwerenga satha, koma dzinalo silinafunike. Ndinaima pambali pawo, satifiketi m'manja. Anachiyang'anitsitsa mpaka anthu kuyamba kutuluka.

Mawu amodzi okha: "Walakwitsa."

Mu minibasi amayi maso ali pawindo mpaka pa Zalewa, mpaka Mwanza. Ine mphoto ili pamiyendo. Ndawapweteka? Agona kwanga kuno. Sanadye.

Loweruka, 13 Julaye

Ndinanyamuka akadali m'chipinda. A Langton amata kale chithunzi changa pachitseko, pansi alemba "Wantchito Wathu". Makasitomala kundigwira chanza. Ine kumwetulira kwa mano okha.

Chapakati pa m'mawa, amayi pakhomo. Sanalowemo chiyambire ntchito ine. Anakoka mpando wa abwana, uja wozungulira, osapempha. A Langton anangotuluka kukagula mandasi.

"Akuti za pakompyuta zimakonzeka. Tsegula."

Ndinatsegula.

"Khutu lakumanzere linali long'ambika. Ndolo inakodwa m'nthambi akuthyola nkhuni, ine ndili kumbuyo."

Ndinafufuta, ndinajambula. Ayi, m'munsi pang'ono. Apo. Mphini si zitatu, n'zinayi, Fenias amawerenga ataledzera. Maso ochepa. Ndipo sankavala duku chotero, ankamangira kutsogolo.

Kenako zinangotuluka zokha. Kuti ankaimba akamasinja. Kuti ankadana ndi therere. Kuti tsiku lothawa lija agogo anawaperekeza mpaka pamtsinje n'kubwerera kukatenga mwana wa mnansi, ati tsogolani ndikupezani. Zaka zonsezi sindinamvepo. Ndalira pa kiyibodi ya eni ake, iwo osalira, chala chili pagalasi, pa khutu paja.

Oweruza atatu anandipatsa nambala wani pa nkhope yolakwika. Wachinayiyu ndi wovuta, sanandipatsebe kanthu. Koma wakhala pampando kuyambira m'mawa, manachesi akudikira ku Thambani, ndipo wakana kupita.

Ndatuluka pakhonde kuti ndilembe izi ndisanaiwale. Ndikuwamva m'katimo akuyankhula ndi chithunzi m'Chinyungwe cha kwawo, motsitsa. Ayi, tsopano akuitana ine. Akuti pakamwa, panali mpata pakati pa mano, ndibwere msanga akadakumbukira