Kansanza ka Alamu

Lolemba, 5 Meyi

Kunyumba tsopano. Mwana ali bwinobwino, chilonda cha opareshoni ndiye moto. Anamwino anati osawerama, osanyamula cholemera kuposa ketulo. Mkaka wanga sukukwana, tikuwonjezera wa m'botolo. Alamu, achemwali awo a bambo a mwana, abwera kudzatithandiza. Kachikwama kamodzi basi, ndawagomera. Wantchito sitingamukwanitse mwezi uno, ndiye kubwera kwawoku ndi chisomo.

Lachitatu, 7 Meyi

Ali ndi chiphunzitso chawo, anachitola pa foni. Katundu wochepa, mtima wopepuka. Akuti, "Mlamu, nyumba yanuyi sikupuma." Makatani a pabalaza atsitsa. Maluwa anga apulasitiki, makapu a alendo, zonse m'matumba kuseri kwa chitseko. Mankhwala otsukira m'chimbudzi apatsa aneba, akuti viniga ndi soda n'zokwanira. Nyumba yonse fungo la viniga, maso kuyabwa. Ine phee pabedi ngati katundu amene sanaganize kokamuika.

Lachinayi, 8 Meyi

Nsalu zanga zopukutira. Iliyonse inali ndi ntchito yake: ya mbale, ya tebulo, ya pansi, ya kuchimbudzi. Zapita zonse. Kwatsala kansanza kamodzi kotuwa, amayenda nako paphewa tsiku lonse, konyowa. Kupukuta kwake pang'onopang'ono, maso ali tsinzini, akukoka mpweya. Akuti ukamapukuta uzichimva chimene ukupukutacho. Inetu ndikuchimva ndili kuno kuchipinda. Ndi mphuno.

Loweruka, 10 Meyi

Ndaona ndi maso angawa. Chitseko chinali chotsegula. Alamu kutuluka m'chimbudzi kansanza kali m'manja, kukaviika kamodzi m'beseni, kufinya, kenako m'kati mwa kapu yanga. Tiyi ndathira pawindo. Nseru yake yoposa ya mimba ija.

Ndawauza bambo a mwana. Yankho: "Achemwali ndi aukhondo kuyambira kale, usawakhumudwitse. Akapita atisamala ndani?" Zoona, walira mvula walira matope. Koma botolo la mwana ndikutsuka ndekha ndi madzi a m'fulasiki, ndikatha ndikulibisa pansi pa pilo. Kamunthu aka kakatsegula m'mimba ndidzalozera ndani?

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndaphulika. Mwana anabwezako mkaka pang'ono ali m'manja mwa alamu. Dzanja lawo linapita paphewa mwachizolowezi, kansanza kaja ulendo wa kukamwa kwa mwana wanga. Mmene ndadzukira sindikudziwa. Ndakalanda, ndakaponya m'bini. Ndinati, "Alamu, paja mumati chimene sichikuthandiza chituluke m'nyumba, si choncho?" Iwo amva ngati ndikunena iwowo. Mwina ndimanenadi iwowo.

Kulongedza sikunawatengere nthawi. Ubwino wa kachikwama kamodzi. Potuluka sanatsanzike, angotsekula mawindo onse.

Lachisanu, 16 Meyi

Mbale mulu musinki. Matewera fungo guu. Bini yadzaza, palibe wokataya, ntchentche zapeza kwawo. Bambo a mwana nkhope ili ndwii, akuti ndawachititsa manyazi kwa abale awo. Apongozi aimba foni, sindinayankhe. Ndalirako pang'ono, koma kulira kukukoka chilonda, ndiye ndasiya. Nyumba yonyansa chonchi sindinakhalemopo chibadwire.

Komabe mwana akudya, akugona. Ndipo lero ndamwa tiyi mpaka kuona pansi pa kapu.

Lamlungu, 18 Meyi

Adzuka ndi mtima wabwino bambo a mwana. Akuti, "Iwe gona, lero ndikonza ndekha." Munthu amene sadziwa ngakhale pamene pamakhala tsache. Zinyalala akataya, kubafa ndi kuchimbudzi akwecha, makatani anga abwezeretsa, ngakhale imodzi aipachika chadodolido. Botolo la mwana ndawapatsa ndi manja anga, koyamba kulitulutsa m'chipinda muno. Akuimba mluzu. Ndayamba kuwakhululukira, mtima wakhala pansi.

Adutsa pakhomo pompano, botolo lili m'manja. Paphewa pawo kanthu kotuwa. Akuti anakatola m'bini asanakataye zinyalala, kakadali kabwinobwino, ine ndimangowononga zinthu. Akuti kawathandiza kwambiri kuchimbudzi kuja.

Mpope wa kusinki watsekedwa. Chatsala n'kupukuta. Ulusi wa pamimbawu uduke ngati ukufuna, ine ndikudzuka.