Mlamu Wanu Walowa Mufilimu

Okondedwa Achemwali,

Landirani kaye moni, nkhani zibwera pambuyo. Muli bwanji kumeneko? Bondo la amayi lija linaphwa, kapena akuyendabe chotsimphina uku akukana ndodo? Nanga abambo, maso aja akuona bwanji masiku ano? Kuno tili bwino, kupatula madzi amene akumasiya kutuluka m'mipopi nthawi yomwe munthu wadzipaka kale sopo. Mwana wanu wayamba kuthamanga, ndipo mawu amene wawagwira bwino ndi akuti ayi. Mlamu wanu, mayi a mwanayu, naye ali bwino, mwinanso kuposa tonsefe.

Ndamva kuti mphekesera yafika kale kumeneko yoti mlamu wanu waoneka mufilimu. Ndi zoona. Ndati ndikufotokozereni ndekha anthu asanathire mchere wambiri, komanso chifukwa kumapeto kwake ndili ndi pempho.

Inu ndinu mboni kuti pabanja pathu wokonda mafilimu ndinali ine. Mukukumbuka momwe ndinkabwerera koonera kanema n'kukusewererani filimu yonse pakhonde, wakuba ine ndemwe, wapolisi ine ndemwe, kulira kwa mfuti ine ndemwe? Inu munkangochapa uku mukundiuza kuti ndidzafa ndi njala. Mlamu wanu ndinamupeza asakudziwa n'komwe kukoma kwake. Ulendo woyamba kupita naye ku holo yoonetsera mafilimu anagona nkhani isanafike pakati, mutu paphewa langa. Ndine ndinamuphunzitsa kuonera, kuti asamangotsata nkhani yokha, aziyang'ananso maso a wosewerayo, manja ake, ndi pomwe wakhala chete. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ndimatseka shopu yanga yometera, iye amaweruka kochapa ndi kusita zovala kuja, mwana timasiyira mayi woyandikana nafe, ife ulendo ku holo. Pobwerera timayenda wapansi dala, kuti tikanganirane bwino za amene wasewera moposa mnzake.

Pali katswiri wina wa mafilimu a kuno amene anthu amangomutcha Kanzimbe, chifukwa cha kampata ka mano ake akutsogolo. Ameneyu ndinayamba kumukonda ndine. Munthuyo amatha kulira ndi diso limodzi, linalo likuseka. Akamasewera munthu wosauka, ngakhale kayendedwe kake kamasauka. Chithunzi chake ndinachimata ndekha pamwamba pa galasi la mushopu, ndipo makasitomala ambiri ndawameta kametedwe kake.

Ndiye tsiku lina kunabwera bambo wina wotsogolera mafilimu, wovala chipewa chachikulu chimene savula ngakhale m'nyumba, mpaka ife timangowatcha Achipewa. Anazungulira shopu yanga, anagwira mpando wakale uja wong'ambika chikopa, n'kunena kuti ndi umene akhala akufunafuna. Anapempha kuti adzajambuliremo gawo limodzi la filimu yawo. Nditafunsa kuti wodzakhala pampandopo ndi ndani, anangondilozera chithunzi cha pagalasi. Achemwali, ndinavomera asanamalize kulankhula.

Tsikulo anadzaza shopu ndi nthambo ndi magetsi otentha ngati mbaula. Kanzimbe anafika atanyamula yekha jekete lake. Ndi munthu wamfupi, ndipo ine amene ndinaima kumbuyo kwake ndinaona kuti pakati pamutu payamba dazi, amachita kupakapo zakuda. Anandipatsa moni wa manja awiri, n'kumanditchula kuti amisiri. Izi ndikulemba kuti mumvetse vuto langa: munthuyo alibe chifukwa. Akanakhala wamwano, bwenzi mtima wanga uli m'malo.

Achipewa anati wometa mufilimumo ndikhale ine ndemwe. Ntchito yanga inali yochepa, kumupaka thovu, kumumeta ndevu ndi lumo, n'kunena kuti, "Bwana, musagwedeze mutu." Mawu amene ndimanena tsiku ndi tsiku osaganizira n'komwe. Koma kamera itangondiloza, lilime linauma. Poyamba ndinayang'ana mukamera momwemo. Pobwereza mawu anatuluka ngati a tambala wophunzira kulira. Kenako ndinauza mutu kuti usagwedeze bwana. Anthu anaseka mpaka wogwira magetsi anakhala pansi. Achipewa anandisisita paphewa n'kunena kuti ndisavutike, ajambula manja okha, mawuwo awachotsa.

Apa ndi pomwe mlamu wanu anatulukira ndi chakudya changa chamasana. Anaima pakhomo, kontena ili m'manja, akundiseka kuti ndauma ngati chitsa. Zinangochitika kuti mtsikana amene amayenera kusewera ngati mkazi wa Kanzimbe anali atadwala m'mawa womwewo, ndipo Achipewa anali atatopa n'kuimba mafoni. Anamuyang'ana mlamu wanu nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti mayiyu ndi wa ndani. Ine ndi pakamwa panga pomwepa ndinayankha monyada kuti ndi wanga.

Gawo lake linali loti mkazi wapeza mwamuna wake, amene anasowa kalekale, atakhala pampando wometera. Amangoyenera kuima pakhomo, kumuyang'ana, n'kumufunsa kuti wabwera liti. Mlamu wanu anayamba wakana, ndine ndinamukakamiza. Anamuvula epuloni, koma kontena ija anamusiyira m'manja. Atangoti yambani, nkhope yake inasintha ine ndikuona. Anamuyang'ana Kanzimbe n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwabwera liti?" Ine lumo linali pakhosi pa Kanzimbe, ndipo ndinamumva akumeza malovu pansi pa chala changa. Anabwereza kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankamuyang'ana chimodzimodzi, ine ndili pakati pawo ndi lumo. Musade nkhawa, sindinamucheke ngakhale pang'ono. Koma amene anagwira dzanja langa tsiku limenelo ndi Mulungu.

Achipewa anakondwa mpaka anamuwonjezera magawo ena. Mawu ake ankayesezera kunyumba, ndipo wosewera mbali ya Kanzimbe ndinkakhala ine, nditaima pakati pa tebulo ndi kabati. Kumeneko ndiye ndinkatha bwino zedi, mpaka iye mwini ankadabwa kuti luso lonseli limathawira kuti kamera ikabwera. Kukacha galimoto inkabwera kudzamutenga, mawu amene ndamuphunzitsa ine n'kukawanenera mwamuna wina. Ikamadutsa pashopu ndinkaimitsa makina pamutu pa kasitomala kuti ndione amene wakhala naye kumbuyo.

Filimu itatuluka anatiitana kukaonera tsiku loyamba, masana, mu holo yathu yomwe ija. Mlamu wanu anamukhazika kutsogolo ndi osewera anzake. Ine ndinakhala chapakati ndi mnzanga wosoka nsapato pafupi ndi shopu yanga. Filimuyo ndi yabwino, sindingakunamizeni, ndipo Kanzimbe wasewera kuposa kale lonse. Itafika pashopu yanga manja anga anaonekadi, akuluakulu ngati mafosholo, ndipo wansapato anakuwa kuti amenewo ndi manja a aneba ake. Anthu anamuzazira kuti akhale chete. Kenako nkhope ya mlamu wanu inadzaza chinsalu chonse. Mayi wina pambali panga anayamba kufwenthera, ndipo bambo wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti atapeza mkazi wotere sangapitenso kumowa. Ndinatembenuka kuti ndimuuze kuti mkaziyo ali ndi mwini wake, koma umboni ndikanautenga kuti? Ndimuonetse manja?

Chimene chinandilasa kwenikweni ndi ichi. Kayang'anidwe kameneko ndimakadziwa. Ndi momwe anandiyang'anira tsiku limene ndinatuluka m'chipatala nditadwala chibayo chija. Ndi momwenso anandiyang'anira nditakamulandira kudepoti, atabwera kudzakhala nane kuno. Ndinkayesa kuti ndi kanga ndekha. Lero aliyense wogula tikiti akukaona.

Titafika kunyumba ndinamufunsa, ngati mongocheza, kuti ankaganiza za ndani pomuyang'ana munthu uja choncho. Mumtima ndinkayembekeza kuti anena kuti za ine. Iye akuvula nsapato anayankha kuti, "Ndimaganiza za simbi, ngati ndinaizimitsa kuntchito kapena ayi." Anaseka, nane ndinaseka. Koma mpaka lero funso likundidya. Ngati nkhope imeneyo imatuluka poganiza za simbi, nanga kuchipatala kuja ankaganiza za chiyani?

Panopa shopu ikumadzaza. Anthu akubwera kudzaona mpando, ena kudzajambulitsa pakhomo pomwe iye anaima. Dzina langa linatha, tsopano ndine amuna awo a mayi a mufilimu aja. Chithunzi cha Kanzimbe ndinachimatula, koma makasitomala anafunsa mpaka ndinachibwezerapo. Ndikakhala ndekha ndimalephera kudziwa kuti nsanje yangayi ndikuchitira ndani. Pena ndi Kanzimbe, chifukwa cha maso aja. Pena ndi mlamu wanu yemweyo, chifukwa wangolowa atanyamula kontena pakhomo pomwe ine ndakhala ndikusuzumira kuyambira ndili mwana.

Tsopano Achipewa akumufuna mufilimu ina, gawo lalikulu, ndipo akajambulira kutali, milungu ingapo osabwera kunyumba. Kanzimbe alimonso. Mlamu wanu anandiuza maso akuwala, n'kundifunsa maganizo anga. Sindinamukanize. Ndinangofunsa kuti nanga mwana akhala ndi ndani, popeza mayi woyandikana nafe amatithandiza Loweruka lokha, ndipo ine mushopu sindingamete munthu mwana ali kumsana. Funsolo linali loona, koma tonse awiri tinadziwa chimene ndinalifunsira. Anangoti chabwino, n'kuimbira Achipewa kuti sakwanitsa.

Kuchokera tsiku limenelo sanandinyoze, sanandikalipire. Amaphika, amaseka ndi mwana, amapita kukasita malaya a anthu. Koma Loweruka lapitali nditati tiyeni ku holo, anati ndipite ndekha, mutu ukumupweteka. Ndinapitadi. Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu, ndipo filimu itafika pokoma panalibe wonditsina pamkono monga amachitira iye. Ndinatuluka isanathe, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.

Dzana Kanzimbe anabwera yekha kudzametetsa. Za mlamu wanu ananena kamodzi kokha, akudziyang'ana pagalasi, kuti mphatso yotere iye waivutikira moyo wake wonse koma sanaipeze yonse. Anatinso Achipewa sanatenge munthu wina, adikira mpaka mwezi uno uthe. Kenako anandipempha kuti ndimubisire dazi lija. Ndinalibisa bwino kwambiri, ngakhale mtima unkandiuza zina.

Pempho langa ndi ili, Achemwali, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bwerani mudzakhale nafe milungu imeneyi, mudzatilerere mwana, kuti mlamu wanu apite. Chipinda chaching'ono chija ndayamba kale kuchotsamo katundu, ndikumunamiza kuti ndikufuna mbewa. Iye sindinamuuze kanthu, ndikudikira yankho lanu, chifukwa sindikufuna kumuyatsira nyali yoti ndidzaizimitsenso. Musaganize kuti nsanje yatha. Ilipo, yonenepa bwino, ndipo tsiku limene galimoto idzabwere kudzamutenga mudzandione nkhope. N'chifukwa chake ndikufuna inuyo osati mlendo. Pakhale munthu wondidziwa, woti ndikayamba kuzungulira m'nyumba chifukwa foni yake ikungolira osayankhidwa, azindiuza kuti ndikhale pansi ndidye.

Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo filimuyo ikafika kumeneko muwauziretu kuti mpongozi wawo sanakwatiwenso kwina, ndi sewero chabe. Abambo muwauze kuti ndikadzabwera ndidzawameta ndekha, asamalole amalume kuwayesera lumo lawo lobuntha lija. Moni kwa amalumewo, kwa azakhali ndi kwa ana onse.

Koma alamu anga, amuna anu, muwawerengere ndime iyi mokweza. Ndikudziwa kuti ndikuwapempha kuti alole akazi awo achoke pakhomo milungu ingapo, apite kutauni kodzaza amuna ometedwa bwino, ambiri mwa iwo ndi manja anga omwewa. Ndikudziwanso momwe zimawawira. Akavomera msanga osafunsa mafunso, ndiye kuti andiposa, ndipo nawonso ndiyamba kuwachitira nsanje.

Ine mlongo wanu wodikira yankho,
Mzime wa amayi