Mfundo pa Waya Wofiira

9 Julaye

Okondedwa mwana wanga, bambo a mapasa,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko. Kuno ndadzuka. Kalatayi akundilembera mayi atelala oyandikana nafe, ndipo ndawauza kuti alembe mawu anga okha, asathiremo mchere.

Masipika awiri munanditumizira aja, amene anakasankha apongozi anga mayi a mapasa, ndi abwino. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa Lamulungu lija pa foni ndinanena zina. Ndinati apongozi anakatola zinyalala, ndipo ndinkadziwa kuti ali pafupi, akumva.

Nkhani yake ndi iyi. M'katoni muja munali mawaya ndi timapulagi totupa pakati ngati nthochi. Inu munati, "Wofiira ku bowo lofiira, wakuda ku lakuda, koma dikirani ndidzalumikize ndekha ndikabwera." Mtima unandiwawa. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinalumikiza mawaya a mabasi ku galaja, lero mwana wobereka ndekha andiphunzitse mawaya awiri? Ndinasenda nsonga ndi mpeni, kupota tiulusi ta mkati, kulowetsa m'kapulagi, kumanga kasikuluwu. Manja sanaiwale kanthu. Kapulagi kalikonse kanalowa m'bowo mwake kuti gwa.

Kenaka ndinaika chimbale cha kwaya ija ankaimbamo malemu mayi anu. Mwana wanga, anthu makumi anayi ankamveka ngati awatsekera m'chitini. Besi, mawu okhuthala apansi aja, kunalibe. Ndi pamene ndinakuimbirani foni ija.

Dzulo masana atelala anabwera kudzatenga lumo lawo limene ndinawanolera, ine n'kuwadandaulira. Anasuzumira kuseri kwa sipika ya kumanzere nati, "Agogo, kodi wakudayu akufunanji m'nyumba ya wofiira?"

Ndinati, "Mayi, inu zanu ndi mabatani. Mawaya asiyireni eni ake."

Iwo anangozula timapulagi tiwiri n'kutisinthanitsa. Besi inabwerera mpaka magalasi a pawindo kunjenjemera, ndipo mawu a mayi anu ndinawamva pakati penipeni pa chipinda, ngati aimirira pafupi ndi kabati yawo ija. Ndinakhala pansi n'kumvetsera.

Alembi angawa akufuna kudumpha mawu a mabatani aja. Ndakana. Ndinanena, alembedwe.

Tsono imvani chimene ndakhala ndikubisa. Wofiira ndi wakuda sindikuwasiyanitsanso. Chatha chaka. Zonse ndimaziona ngati zili mu utsi. Dzanja lija ndinati likupweteka, n'chifukwa chake sindilembanso ndekha, silipweteka ayi. Ndi maso. Tsiku lija munandipezera kwa dokotala wa maso ndinakuuzani kuti basi inandisiya. Sindinatuluke n'komwe pakhomo. Ndinavala jekete, n'kukhala pampando mpaka nthawi kudutsa. Ndinkaopa kuti akanena kuti ndi ng'ala, mudzandichotsa m'nyumba muno, mmene ndimadziwa pali supuni, pali nsapato, popanda kuyang'ana.

Atelala amanga mfundo ya ulusi pa waya wofiira uliwonse kuti zala zizidziwa zokha. Ndathokoza. Koma munthu sungamange mfundo pa chilichonse. Pa nkhope za adzukulu sungamangepo.

Ngati dokotala uja sanakwiye, mupempheni tsiku lina. Ndidzapita, jekete ndidzavalira kupita. Za nyumbayi tidzakambirana ndikadzayamba kukuonani bwino kumaso.

Moni kwa mapasa, muwauze kuti agogo awo akudya bwino. Koma kalatayi muyambe mwawerengera mayi awo, mokweza, monga ndinakwezera mawu pa foni paja.

Apongozi anga, munasankha bwino. Masipika alibe mlandu, inunso mulibe. Wolakwa ndine. Mukadzabwera mudzakhale pampando wapakati, mudzawamve apongozi anu aakazi akuimba. Ndikhululukireni.

Ndine bambo anu,
wa mawaya uja.