Zimene Atate Ako Anakuuza Kudimba

Wokondedwa mwana wanga Tiwonge,

Kaya wadzuka bwanji ku Lusaka kumeneko? Kuno ku Vubwi tili moyo, kupatula mwendo wangawu umene sukumva mankhwala. Nshawa takumba, zachitako bwino.

Pamene a kuyunivesite anakusankha pamodzi ndi ana ena akumidzi kuti akuphunzitseni kafukufuku wa maganizo a anthu, ndinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Sindinadziwe kuti kafukufukuyo adzayambira m'nyumba mwanga.

Paholide paja unkafuna kufunsa alimi mmene chilala chinawasautsira mumtima, ndipo atate ako anadzipereka okha kuti uyeserere pa iwo. Munthu amene ine ndikamufunsa kanthu amangoti kaya, anakhala nawe kudimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Munabwerako nonse maso ali psuu. Nditakufunsa, unati aphunzitsi anakulangizani kuti zimene munthu wanena siziululidwa, ngakhale kwa mayi wokubala.

Tsono tamva. Chichokereni iwe, atate ako sakhazikika. Loweruka lililonse amapalasa njinga kuwoloka malire a Mozambique, ati kukafuna msika wa nshawa, koma thumba limabwerako lodzaza. Ndevu ameta. Dzana ndinawamva akuimba kubafa. Mwamuna wa msinkhu umenewu saimba chabe, mwana wanga. ANaomi apachitsime akuti kutsidyako kuli mkazi. Ine ndinawakalipira, koma mtima wanga unavomera.

Ndinakadandaula kwa amalume ako aOsward. Iwo akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo atate ako asaiwale kuti pano ndi mkamwini. Ngati apeza kwina, tiwamangire katundu abwerere kwawo ku Sinda. Aitana ankhoswe kuti akumane mwezi uno ukatha.

Wodziwa zoona ndiwe wekha. Nthawi zina ndimakukayikira ndi iwe yemwe, kuti mwina mwambo wa aphunzitsiwo wangoupeza pobisalira kuti uwaikire kumbuyo atate ako. Ndipo aphunzitsi akowo, kodi unawauza? Ndiye kuti ku Lusaka kuli anthu ovala mataye amene akudziwa za mwamuna wanga, ine mwini wake ndili mumdima? Zimandiwawa, Tiwonge. Ndimachita nsanje ndi mwana wanga yemwe.

Dzulo ndinayesa nzeru zako. Ndinawatsatira kudimba, ndinakhala pansi mofatsa monga unachitira iwe. Anaika khasu pambali n'kundiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu. Koma pakamwa pangapa ukupadziwa. Funso langa loyamba linali lakuti mkaziyo ndani. Anatola khasu lawo n'kuyambanso kulima, ndipo mpaka lero sanaimbenso.

Ndinatenga pepalali kuti ndikuumirize uulule. Koma ndakudziwa, unatengera liuma langa, sunena. Basi sunga mwambo wakowo. Chimene ndikupempha n'chakuti undilembere mmene unawafunsira. Unayamba ndi mawu otani? Iwo atakhala chete, iwe unatani? Ndakalamba naye m'nyumba imodzi munthu ameneyu, koma kumufunsa sindidziwa. Ankhoswe asanakumane ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pawo, ngakhale zikhale zimene ndikuopazo.

Uyankhe msanga. Upereke moni kwa azakhali ako aIreen ndi ana. Mulungu akusunge, akutsegule mutu pamaphunziro.

Ndine mayi ako,
Dinnah